SHUGA NDI ZITSEKO ZA MTIMA: ADANI AWIRI M'NYUMBA IMODZI

M'midzi yathu muli anthu amene amayenda ndi mabuku awiri a ku cipatala m'thumba limodzi. Buku lina ndi la matenda a mtima, lina ndi la matenda a shuga. Tsiku lina amakaima pa mzere wa odwala shuga, tsiku lina pa mzere wa odwala mtima, monga ngati matenda awiriwa akhala m'matupi a anthu awiri osiyana. Alipo enanso, ndipo ndiwo ambiri koposa, amene ali ndi buku limodzi cabe, pamene nthenda yaciwiriyo ikuwadya mwakacetecete popanda wina woidziwa.

Mlungu uno tifuna kukamba za anthu amenewa. Maganizo athu ndi awa: munthu aliyense amene acipatala anamupeza ndi bvuto la zitseko za mtima ayenera kupimidwa shuga kamodzi pa caka ngakhale akudzimva bwino, ndipo munthu aliyense wodwala shuga ayenera kumvetseredwa pacifuwa nthawi zonse pamene apita kukatenga mankhwala. Nchito imeneyi iyenera kucitika pa kiliniki ya pafupi ndi mudzi, osati ku Lusaka kokha ai. Kuti muone cifukwa cake, tiyambe ndi mtima weniweniwo.

MTIMA NDI ZITSEKO ZAKE

Mtima wa munthu wamkulu ukula monga nkhonya yake, ndipo ulemera pafupi-fupi magalamu 300. Pamene munthu ali khale, umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pafupi-fupi 100,000 pa tsiku, ndipo umapopa malita asanu a magazi pa mphindi iliyonse. Mkati mwake muli zipinda zinai, ndipo potulukira pa cipinda ciliconse pali citseko. Madokotala amazichula mavalavu zitseko zimenezi. Aliyense amene anapopapo njinga adziwa nchito ya valavu: ilola mpweya kulowa m'cubu, koma siulola kubwerera. Zitseko za mtima zicita cimodzi-modzi ndi magazi.

Citseko cingaonongeke m'njira ziwiri. Cingaume ndi kupanikizika, kotero kuti magazi amapita mobvutika pa kampata kakang'ono. Kapena cingaleke kutseka bwino, kotero kuti magazi amene atuluka amabwereranso m'mbuyo. Zitseko zimene zionongeka kawiri-kawiri ndi ziwiri za kumanzere kwa mtima. Cina cili pakati pa cipinda ca pamwamba ndi ca pansi, ndipo dzina lake ndi mitral. Cina ndico khomo lalikulu lotulukira magazi opita m'thupi lonse, ndipo dzina lake ndi aortic. Khomo limeneli likakhala bwino, kukula kwake ndi masikweya sentimita atatu kapena anai. Likacepa kufika pansi pa imodzi, madokotala amati nthendayo yakula.

MTIMA NAONSO UMADYA

Anthu ambiri amaganiza kuti popeza mtima uli wodzala ndi magazi nthawi zonse, sungamve njala. Si tero ai. Magazi amene apita m'zipinda sadyetsa mnofu wa mtima, monga momwe cimanga ca m'ngolo sicikhutitsa ng'ombe imene ikuikoka. Mtima uli ndi mitsempha yake-yake iwiri, imene imaphuka pamwamba penipeni pa citseko ca aortic. Mitsemphayi imayanga pamwamba pa mtima, nigawika kukhala nthambi, ndipo nthambizo zimalowa m'mnofu ndi kugawikanso kukhala timitsempha tating'ono-ting'ono topyapyala koposa tsitsi. Amene ali ndi dimba aganize za mfuleni waukulu wocokera ku mtsinje, ndi tingalande timene timafikitsa madzi pa phando lililonse.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzisunga m'mutu. Coyamba, mtima umadya pamene wapumula. Pa kugunda kulikonse mnofu umafinya, ndipo pofinyapo umapana timitsempha take tomwe. Magazi amalowa bwino m'mnofu wa kumanzere pa kanthawi kocepa kamene mtima umamasuka usanagundenso. Mlimi sadya khasu lili m'manja, amayamba walitula pansi. Mtima ukamathamanga, kanthawi ka kupumula kameneka ndiko kamene kamafupika.

Caciwiri, mtima susiya mkute. Thupi lonse pamodzi limatenga gawo limodzi mwa magawo anai a mpweya wabwino umene magazi anyamula, koma mtima umatenga pafupi-fupi magawo atatu mwa anai, ngakhale munthu ali gone. Tsono nchito ikakula, monga pokwera phiri kapena posenza mtolo wa nkhuni, mtima ulibe kwina kotapa. Njira yake ndi imodzi cabe: timitsempha tating'ono tija titanuke kuti magazi ocuruka apitemo. Mwa munthu wathanzi, magazi opita m'mnofu wa mtima angaonjezeke katatu, kanai kapena kasanu. Mphamvu yoonjeza imeneyi tiiche nkhokwe ya mtima. Dokotala wa ku America, K. Lance Gould, ndi anzake ndiwo anafotokoza kapimidwe kake m'caka ca 1974, ndipo lero madokotala amati nkhokweyo ikalephera kufika ngakhale kawiri, mtima uli pa mabvuto.

CITSEKO CIKAPANIKIZIKA

Citseko ca aortic cikacepa, cipinda ca kumanzere cimakankha magazi ndi mphamvu yaikulu pa kugunda kulikonse. M'kupita kwa zaka mnofu wake umakhuthala, monga dzanja la wosula makasu. Wina angaganize kuti mnofu wokhuthala ndiwo wamphamvu, koma apa mpamene pagona tsoka. Mnofu wakula, koma timitsempha toudyetsa sitinaculuke molingana nao. Munda wakuzidwa, koma ngalande ndi zomwe zija. Ndiponso mphamvu ya kufinya imapana timitsempha koposa kale, maka-maka ta mkati mwenimweni mwa khoma la mtima. Kuonjeza apo, magazi amatenga nthawi yaitali kuti apyole pa khomo lopanikizika, ndipo nthawi ya kupumula, imene ndiyo nthawi ya kudya, imacepa. Timitsempha timakhala totanuka kale munthu ali khale, kotero kuti pofika nthawi ya nchito nkhokwe yatha.

M'caka ca 1982 dokotala Melvin Marcus ndi anzake a ku Iowa, m'dziko la America, anapima magazi oyenda m'mitima ya odwala otere pa nthawi ya opaleshoni. Anapeza kuti nkhokwe yao inali yocepa kwambiri, ngakhale kuti mitsempha yao ikulu-ikulu inali yosatsekeka. Izi zinamasulira cifukwa cimene odwala ambiri a citseko cimeneci amamva kupweteka pacifuwa akamagwira nchito. Kale m'caka ca 1968, madokotala John Ross ndi Eugene Braunwald anali ataonetsa kuopsa kwa nthendayi ikayamba kudzionetsa ndipo citseko cosakonzedwa: wodwala amene wayamba kumva kupweteka pacifuwa amakhala ndi moyo zaka monga zisanu, amene wayamba kukomoka zaka monga zitatu, ndipo amene mtima wayamba kulefuka zaka monga ziwiri.

Zitseko zinazo nazonso zili ndi njira yake yobvutitsira mtima. Citseko ca aortic cikamadontha, magazi amabwerera m'cipinda pa nthawi ya kupumula, ndipo mphamvu yokankhira magazi m'mitsempha ya mtima imatsika pa nthawi yomwe mtima uyenera kudya. Citseko ca mitral cikapanikizika, magazi amaunjikana m'mapapo, munthu amacita befu, ndipo kawiri-kawiri mtima umayamba kugunda mothamanga ndi mosalongosoka.

SHUGA IKALOWA M'NYUMBA YOMWEYO

Matenda a shuga amabwera pamene thupi lilephera kupanga insulin yokwanira, kapena pamene lileka kuimvera. Insulin imapangidwa m'kapamba, ndipo nchito yake ndi kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu kuti akhale mphamvu. Ikalephera, shuga amatsalira m'magazi, ndipo tsiku ndi tsiku amanyeketsa mitsempha.

Mkati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kamene kamauza mtsemphawo kuti utanuke pamene magazi ocuruka afunika. Shuga wocuruka amaononga kakhungu kameneka, ndipo mtsempha umaleka kumvera. Makoma a timitsempha tating'ono amakhuthala, ndipo tina timafota ndi kutheratu. M'mitsempha ikulu-ikulu mumamatirira mafuta, monga matope amene amakwirira mfuleni. Mnofu wa mtima umalowa zipsera ndi kuuma, kotero kuti sumasuka bwino pa nthawi ya kupumula. M'caka ca 1972 dokotala Shirley Rubler wa ku New York anapima mitima ya odwala shuga anai amene anamwalira ndi kulefuka kwa mtima, napeza kuti mnofu ndi timitsempha tating'ono ndizo zinaonongeka, pamene mitsempha ikulu-ikulu inalibe bvuto lalikulu. M'caka ca 1974 kafukufuku wa m'tauni ya Framingham anaonetsa kuti amuna odwala shuga amagwidwa ndi kulefuka kwa mtima kawiri kuposa anzao, ndipo akazi kasanu.

Tsopano ikani ziwirizi pamodzi. Citseko coonongeka cimaonjeza nchito ya mtima ndi kupana timitsempha kucokera kunja. Shuga amaononga timitsempha tomweto kucokera mkati. Ng'ombe yaonjezedwa katundu, ndipo msipu wake wacepetsedwa. Nkhokwe imene citseko cinasiyako pang'ono, shuga amaimaliza. Ndiponso shuga ali pa gulu limodzi ndi BP, fodya ndi ukalamba pa zinthu zimene zimacititsa citseko ca aortic kuuma ndi kugwira laimu. Kwa amene mtima umagunda mosalongosoka cifukwa ca citseko ca mitral, magazi angaundane m'mtima ndi kukatseka mtsempha wa ku ubongo, ndipo shuga amaonjeza ngozi yomweyo ya sitiroko.

Coopsa cina ncakuti shuga amapha alonda. Monga momwe amacititsa dzanzi ku mapazi, amaononganso minyewa imene imanyamula ululu kucokera ku mtima. Munthu angakhale ndi mtima wanjala koma osamva kupweteka pacifuwa. Iye amangoona kuti mizere imene anali kupalira m'mawa umodzi tsopano imutengera masiku awiri, kuti aima-ima pocokera ku mjigo, kuti usiku afuna mitsamiro iwiri kapena itatu. Achibale amati ndi ukalamba, ena amati ndi ulesi, ena amayamba kuloza zala mnansi.

NKHANIYI NDI YATHU

Ku Ulaya ndi ku America matenda a zitseko amagwira maka-maka nkhalamba. Kuno kwathu amayambira pa ubwana, ndipo ciyambi cake ndi zilonda za pakhosi. Mwana wa zaka 5 kufika 15 akagwidwa ndi tizilombo totupitsa pakhosi ndipo osalandira penicillin, thupi lake polimbana ndi tizilomboto lingatembenukire ziwalo zake zomwe. Patapita milungu iwiri kapena itatu mfundo za miyendo ndi manja zimatupa ndi kupweteka, mwana amatentha thupi, ndipo zitseko za mtima zimatupa. Nthendayi ikabwera-bwera, zitseko zimacita zipsera. Citseko ca mitral ndico cimagwidwa kawiri-kawiri, ndipo ca aortic cimatsatira. Pa dziko lonse anthu oposa mamiliyoni 40 ali ndi nthenda imeneyi, ndipo imapha anthu monga 300,000 pa caka. M'caka ca 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unagwirizana kuti maiko onse alimbane nayo. M'caka comweco madokotala amene anapima ana a sukulu a mu Lusaka ndi makina ounikira mtima anafalitsa zimene anapeza: ana pafupi-fupi 12 mwa 1,000 anali nayo.

Pamene tikali kulimbana ndi nthenda ya umphawi imeneyi, shuga nayenso wafika. WHO ikuti anthu odwala shuga pa dziko lonse anali mamiliyoni 200 m'caka ca 1990, ndipo pofika 2022 anali mamiliyoni 830. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera m'caka ca 2021 kuti m'cigawo ca Africa muli akulu mamiliyoni 24 odwala shuga, ndipo oposa theka la iwo sadziwa kuti akudwala. Muno m'Zambia, kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'caka ca 2017 anapeza kuti akulu pafupi-fupi 6 mwa 100 anali ndi shuga wokwera, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa asanu anali ndi BP yokwera. Tisanene kuti ndi matenda a olemera a m'tauni. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zafika pa kantemba kalikonse, ndipo tiyi wa masipuni anai a shuga timamuona m'makomo mwathu.

Taganizani tsono za mtsikana wa kumudzi amene anadwala pakhosi ali mu giredi 4, natupa mawondo, nacira. Akula, akwatiwa, abereka mobvutika ndi befu. Pa zaka 45 wanenepa pang'ono, akumva ludzu losatha, ndipo usiku adzuka kanai kukataya madzi. Ku kiliniki amudziwa monga wodwala mtima, ndipo amupatsa mankhwala okodzetsa kuti miyendo iphwe. Iye aganiza kuti kukodza-kodzako ndi nchito ya mankhwala. Zaka zisanu zingapite cala cake cisanabayidwepo kuti aone shuga. Pa zaka zisanu zimenezo timitsempha ta mtima wake tikhala tikutha. Amai otere alipo ku Petauke, ku Katete, ku Chadiza, ku Lundazi ndi kwina konse.

ZIMENE ENA ANGANENE

Ena adzati: "Mukuopseza anthu pacabe. Citseko coonongeka cifuna opaleshoni, ndipo opaleshoni ili kutali. Kudziwa shuga kudzathandiza ciani?" Mau amenewa ali ndi coonadi cake, ndipo sitifuna kunamiza munthu. Kutsitsa shuga sikutsegula citseko cimene cauma. Palibe piritsi, palibe muzu kapena khungwa la mtengo limene lingacitsegule. Cimafuna manja a madokotala. Kuika citseko copanga m'mtima kunayamba kupambana m'caka ca 1960 ndi dokotala Albert Starr ku Portland, ndipo m'caka ca 2002 dokotala Alain Cribier wa ku Rouen, m'dziko la France, anaika citseko catsopano podzera mu mtsempha popanda kung'amba cifuwa. Kuno kwathu odwala otere amatumizidwa ku Lusaka, ku University Teaching Hospital ndi ku National Heart Hospital.

Koma cifukwa comweco ca kutalika kwa opaleshoni ndico citipatsa mphamvu pa maganizo athu. Pa adani awiriwa, shuga ndiye amene tingalimbane naye pamudzi pomwe. Wodwala amene adikira miyezi kapena zaka kuti aitanidwe ku Lusaka afunika kufika kumeneko ndi mtima umene ukali ndi nkhokwe. Citseko cikasinthidwa, mnofu wokhuthala umayamba kuphwa pang'ono-pang'ono ndipo magazi amayendanso bwino, koma mpeni wa dokotala sungabweze timitsempha timene shuga anaononga. Ndiponso bala la opaleshoni la munthu wa shuga wokwera limacedwa kupola ndipo limagwidwa msanga ndi tizilombo. Madzi akataika saoleka.

Ena adzati anamwino athu ndi ocepa ndipo mizere ndi yaitali. Izi tiziona ndi maso athu, ndipo tiyamika amai ndi abambo amene agwira nchito usana ndi usiku m'makiliniki a kumidzi. Koma kubaya cala ndi kuwerenga nambala kutenga mphindi ziwiri, ndipo kuika cipangizo comvetsera pacifuwa kutenga mphindi imodzi. Citseko coonongeka cimacita phokoso longa mluzu kapena mkokomo wa madzi, limene khutu lophunzitsidwa lingamve popanda magetsi. Mphindi zitatu zimenezi nzocepa poyerekeza ndi milungu imene wodwala wolefuka mtima amagona pa bedi ya cipatala, ndi munda umene umagonera cifukwa banja lonse lili kudwazika.

ZIMENE WODWALA NDI BANJA AYENERA KUCITA

Safunsa anadya phula. Ngati munauzidwa kuti mtima wanu uli ndi bvuto la citseko, pemphani kuti akupimeni shuga. Pitani m'mawa musanadye kanthu. Nambala ikafika 7.0 kapena kupitirira, ndipo ikapezekanso tero tsiku lina, ndiye kuti muli ndi matenda a shuga. Ngati mudwala shuga, uzani namwino za befu, kutupa kwa mapazi, cizungulire, kukomoka, kugunda kwa mtima kosalongosoka, kapena kulemera pacifuwa, ngakhale iye asanakufunseni. Muuzeninso ngati munatupapo mfundo pa ubwana. Nyamulani mabuku onse awiri ndi mapaketi a mankhwala onse pa ulendo uliwonse, pakuti mankhwala ena a mtima amabisa zizindikiro za kutsika kwa shuga, ndipo ena okodzetsa angamukweze.

Imwani mankhwala monga mwauzidwa, ndipo musaleke pamene mwayamba kumva bwino. Insulin inapezeka ku Toronto m'caka ca 1921 ndipo yapulumutsa miyoyo yosawerengeka. Kuyamba nyeleti ya insulin sikutanthauza kuti imfa yayandikira ai. Amene mumwa glibenclamide kapena kubaya insulin, musapite kumunda ndi njala, cifukwa shuga akatsika kwambiri mtima umathamanga, ndipo taona kale kuti mtima wothamanga sudya. Amene munalembedwa nyeleti ya benzathine penicillin ya milungu itatu kapena inai iliyonse, musaphonye tsiku, pakuti ndiyo ichinjiriza zitseko kuti zisaonongeke koposa. Amene munaikidwa citseko cacitsulo, warfarin ndi wa moyo wanu wonse, ndipo magazi ayenera kupimidwa pa masiku amene anakuikirani.

Pa zakudya sitikuti muleke nsima. Cepetsani mitanda, sankhani ufa wa mgaiwa kapena wa mapira m'malo mwa ufa woyera, ndipo culukitsani ndiwo zamasamba monga cibwabwa, bonongwe, lepu ndi therere, pamodzi ndi nyemba, nyemba za soya, nsawawa ndi kapenta. Lekani zakumwa zotsekemera, ndipo musathire shuga m'thobwa kapena m'munkoyo. Mcere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, ndiko kuti kasipuni kamodzi ka tiyi. Fodya, wosuta kapena wa pamphuno, ndi mdani wa mitsempha, ndipo kacasu amafooketsa mnofu wa mtima. Kuyenda pansi tsiku ndi tsiku kumathandiza, koma amene citseko cake capanikizika kwambiri asasenze matumba a cimanga kapena kugwetsa mitengo asanafunse dokotala. Samalani mano ndi zilonda za ku mapazi, cifukwa tizilombo tolowera pamenepo tingakakhale pa citseko coonongeka, ndipo thupi la wodwala shuga silicedwa kugonja. Gonani m'neti, pakuti malungo amathamangitsa mtima ndi kucepetsa magazi. Mai amene ali ndi bvuto la citseko akambirane ndi acipatala asanatenge pathupi, ndipo akakhala ndi pathupi ayambe sikelo msanga.

Inu amuna, inu apongozi, munthu amene aima-ima pa njira musamuyese waulesi. Mulandireni mtolo, mumuperekeze ku kiliniki. Ndipo akamva kulemera pacifuwa kosaleka, akakomoka, kapena akabanika ali khale, musayambe ndi kuombeza. Funani njinga, ngolo kapena galimoto nthawi yomweyo. Inu makolo, mwana akadandaula pakhosi ndipo thupi latentha, musamudule kakhosi kapena kumupaka phulusa. Penicillin wa masiku khumi, kapena nyeleti imodzi, angamupulumutse ku mpeni wa opaleshoni zaka makumi awiri zikubwerazo.

PEMPHO LATHU KWA ATSOGOLERI

Mutu umodzi susenza denga. Boma linacita bwino pocotsa malipiro m'makiliniki a kumidzi m'caka ca 2006, ndipo nchito yolimbana ndi HIV yationetsa kuti nthenda ya moyo wonse ingasamalidwe pafupi ndi mudzi ngati pali kaundula, mankhwala osadukiza ndi anthu olondola amene aphonya tsiku. Nzeru yomweyo igwiritsidwe nchito pa shuga, BP ndi zitseko za mtima. Tipempha Unduna wa Zaumoyo kuti wodwala matenda awiriwa aonedwe tsiku limodzi, m'cipinda cimodzi, ndi buku limodzi. Ulendo uliwonse wopita ku kiliniki ndi tsiku lotayika kumunda ndi ndalama yolipira njinga yamoto, ndipo wodwala amene apatsidwa masiku awiri osiyana amasankha limodzi.

Tipemphanso kuti kamakina kopimira shuga kasakhale m'kabati cifukwa ca kusowa timapepala take. M'caka ca 2022 ndalama ya CDF inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, mafumu ndi anyakwawa ali ndi mau pa misonkhano imene imasankha nchito za citukuko. Pomanga zipinda zatsopano za makiliniki, akumbukenso zipangizo zopimira shuga ndi BP. Makina ounikira mtima masiku ano alipo ang'ono-ang'ono onyamula m'cola. Zipatala zikulu za m'cigawo, monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete, zipatsidwe mphamvu ndi galimoto kuti akatswiri ao azizungulira maboma ndi makina otere pa masiku odziwika, m'malo moti nkhalamba yabefu iziyenda mtunda wautali kukawafuna. Aphunzitsi naonso aphunzitsidwe kutumiza ku kiliniki mwana aliyense wodwala pakhosi.

Pa 29 September dziko lonse limakumbukira tsiku la mtima, ndipo pa 14 November tsiku la matenda a shuga. Masiku awiriwa amagwa pa nyengo yososa m'minda ndi yoyembekeza mvula yoyamba, pamene nchito yolemetsa ya caka ili pafupi kuyamba. Palibe mlimi wanzeru amene amamanga ng'ombe pa goli asanaione ngati ili bwino. Tsono inu amene muli ndi buku la mtima, mvula isanagwe caka cino pitani mukabayitse cala. Inu amene muli ndi buku la shuga, pemphani namwino kuti akumvetsereni pacifuwa. Ndipo inu amene mwawerenga nkhaniyi, muiwerengerenso agogo, amalume ndi anansi amene maso ao sathanso kuona zilembo.